Masekondi Atatu pa Dambo la Thambani

Ndikamaganiza za agogo anga aamuna, a Samisoni, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la petulo losakanikirana ndi la makoko a manachesi. M'mawa uliwonse ankakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Thambani atayala chiguduli pansi, pachigudulipo atandandalika masipanala, mapulagi ndi tcheni chonyikidwa m'chitini cha parafini, ndipo akatopa ankasenda nachesi ndi zala zakuda bii ndi oyilo, n'kundigawira theka. Nthawiyo n'kuti ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayi ankagwira ntchito ku Blantyre, choncho ine ndinkakhala ndi agogowo pamodzi ndi azakhali.

Agogo anakhala zaka zambiri ku Bulawayo, akugwira ntchito m'galaja. Mwini galajayo ankakonda mipikisano ya magalimoto, ndipo Loweruka ankawatenga kupita nawo kubwalo la mpikisano. Poyamba ankangosintha matayala, koma ataona kuti ndi munthu wosatengeka ndi phokoso, anawapatsa ntchito yogwira wotchi. Pobwerera kumudzi anabwera ndi zinthu ziwiri zokha zooneka: njinga yamoto yakale yakuda, ndi wotchi yasiliva ya batani pamwamba, imene ukadina imayamba kuyenda, ukadinanso imaima.

Nkhani zawo sizinali nthano. Ankandiuza za mabwalo a mpikisano ngati mmene aphunzitsi amafotokozera phunziro, maso ali pa injini.

"Poyamba, Feliya, azungu aja ankathamangitsana m'misewu wamba, kuchoka tauni ina kupita ina. Anagunda nkhuku, anagunda agalu, mapeto ake anayamba kugunda anthu. Ndiye anati ayi, timange bwalo lotseka, galimoto izingozungulira momwemo."

Ankati ku Mangalande anamanga bwalo la simenti lokhala ndi makona okwezeka ngati m'mbali mwa beseni, kuti galimoto izipendekeka pokhota osachepetsa liwiro. Mayiko enanso anamanga awo. Munthu akazungulira mwachangu kuposa onse, dzina lake linkalembedwa pamwamba, ndipo ankaitcha rekodi. Pakapita miyezi, wina ankabwera ndi injini yaikulu kapena matayala abwino, dzina lija n'kutsika mzere umodzi. Ena ankafera pakona. Analinso ndi mawu pa anthu amene amathamanga mowongoka m'chipululu cha mchere, osakhota paliponse.

"Amenewo ali ndi rekodi yawoyawo, sindiwanyoza. Koma ya pabwalo imavuta. Uyenera kubwerera pamene unayambira, iwe uli moyo, njinga ili yonse."

Atabwera kumudzi sanathe kukhala opanda bwalo. Kumunsi kwa msika kunali dambo limene linkauma gwaa m'chilimwe, ndipo iwo anaikamo miyala yopaka laimu kulemba njira: kuyambira pa mtengo wa mango, kutsika mpaka pachitsime chakale, kuzungulira chulu chachikulu, n'kukwera kubwerera pamtengo. Malamulo anali awiri. Munthu amathamanga yekha, ndipo ukadumpha mwala ulendo wako sukuwerengedwa. Rekodi inali yawo, mphindi imodzi ndi masekondi 52, ndipo anailemba ndi penti kuseri kwa chitseko cha kanyumba kosungira njinga. Chaka chilichonse pa tchuthi cha mu Julaye, amene anali ndi njinga zamoto ankabwera kudzayesa: alangizi a zaulimi, adokotala a pachipatala chaching'ono, ndi a Yusufu a golosale, amene ankafika pachulu n'kuponda mabuleki akuseka okha. Mayina awo onse anali pachitseko, m'munsi mwa la agogo.

Chaka chimene ndikunenachi, nkhondo ya ku Mozambiki inali itavuta, ndipo anthu ambiri anawoloka malire kudzakhala m'midzi yathu. Mmodzi mwa iwo anali a Zeka, bambo wa ana atatu, amene kwawo ku Tete anali dalaivala. Anabwera tsiku lina kudzabwereka sipanala, anaona injini ili pachiguduli, ndipo sanachoke mpaka dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo ankabwera kawirikawiri. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chinyungwe, koma pa nkhani ya injini ankamvana ndi agogo popanda vuto.

Tsiku la mpikisano kunabwera anthu ambiri kuposa zaka zonse, chifukwa a tcheyamani a chipani m'dera lathu anali atagulira mwana wawo Dikisoni njinga yatsopano yofiira. Anawaikira mpando pansi pa mango, anyamata a chipani ataima kumbuyo kwawo. Dikisoni anathamanga bwino ndithu. Anatsika dambo fumbi lili kobo, anazungulira chulu mwendo uli pansi, ndipo atadutsa pamtengo agogo anadina batani, anayang'ana wotchi, n'kuvula chipewa.

"Wani miniti fifite-wani. Rekodi yanga yapita. Mwanawe, wachita bwino."

Azimayi anaimba nthungululu, a tcheyamani anaimirira n'kugwira agogo chanza. Ine ndinkayang'ana nkhope ya agogo kuti ndione ngati zawapweteka, koma ankaoneka ngati munthu amene watula katundu. Anthu anali atayamba kubalalika pamene agogo anafunsa, monga ankachitira chaka chilichonse, ngati panali wina wotsala. Ndiye anatembenukira kwa a Zeka.

"Inu simuyesa?"

"Ine njinga ndilibe, madala."

"Tengani yangayi. Mwaikonza nokha."

A Zeka sanathamange mwaphokoso ngati Dikisoni. Pachitsime sanachepetse n'komwe, anangogoneka njinga pang'ono, ndipo pachulu anadutsa pafupi ndi miyala moti udzu wa m'mbali unagwedezeka, koma sanakhudze ngakhale umodzi. Agogo anadina batani.

"Wani miniti fote-eyiti."

A tcheyamani anakhalanso pampando pang'onopang'ono.

"A Samisoni, munthu ameneyu ndi mlendo. Khadi ya chipani alibe. Ulendo wake sitingauwerenge."

"Bwana, wotchi siifunsa khadi. Imangowerenga."

Masiku amenewo mawu otere sankayankhulidwa pagulu. Azakhali, amene anali pambali panga, anandifinya phewa mpaka ndinamva kupweteka. A tcheyamani sanakalipe. Anangoti maso a nkhalamba sachedwa kunama, ndipo popeza wotchiyo inali ikadali chiimire, aitane mwana wa sukulu awerenge. Anandiloza ine.

Ndinapita. Agogo anandipatsa wotchi, inali yofunda chifukwa cha dzanja lawo. Muvi wautali unaima pa 48, poonekera bwinobwino, ndipo ine ndinali nditaiwerenga wotchi imeneyo kambirimbiri. Ndinayang'ana anyamata a chipani aja, ndinayang'ana azakhali.

"Sindikuona bwino," ndinatero.

"Mwamva nokha," anatero a tcheyamani. Analengeza kuti rekodi ndi ya Dikisoni, anthu anawomba m'manja mwaulesi, n'kumapita. Dikisoni mwiniwake sanasangalale. Anakankha njinga yake osailiza, mutu uli pansi. A Zeka anabweza njinga ya agogo, anathokoza m'Chipwitikizi kuti "Obrigadu, madala," ndipo anadzera njira ya kuseri kwa msika.

Tinakwera chitunda tonse, agogo akukankha njinga, ine ndikutsatira m'mbuyo. Patapita masiku awiri kunabwera galimoto m'mawa, anthu awiri anatsika, n'kunena kuti agogo akufunika ku Boma akafotokoze zimene ananena zokhudza khadi. Agogo anasamba m'manja, anavala jekete, anauza azakhali kuti asaiwale kuthirira mbewu za manachesi, n'kukwera.

Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Ine ndinkapita kusukulu, ndinkatunga madzi, ndinkasesa. Ndinkaganiza kuti ndikanawerenga nambala ija, anthu onse akanaima nawo, ndipo sakanatengedwa. A Yusufu ndi amene ankapita ku Boma pa njinga yawo kukawasiyira chakudya, ndipo ndi iwo omwe anabwera nawo tsiku lomwe anawamasula. Agogo anali ataonda, akutsimphina pang'ono, ndipo za kumeneko sanafotokozepo mpaka imfa yawo. Anangotiuza kuti awalamula kuchotsa miyala padambo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anandiitanira kukanyumba ka njinga. Ndinayamba kulira ndisanafike n'komwe.

"Agogo, ndinanama."

"Ndikudziwa. Ukanawerenga, akanavutitsanso azakhali ako, mwina n'kukuchotsa sukulu. Anakufunsa funso losayenera kufunsa mwana. Mlandu umenewo si wako." Anatsegula chitini cha penti ndi sikuludiraiva. "Koma pano tili awiri. Unaona chiyani?"

"Fote-eyiti."

"Nena yonse."

"Wani miniti fote-eyiti."

"Lemba pachitseko."

Ndinakwera pa njerwa, ndinalemba dzina la a Zeka pamwamba penipeni pa chitseko. Kenako anandiuza kuti ndilembe la Dikisoni m'munsi mwake, ndi masekondi ake 51, chifukwa nayenso anathamanga moona ndipo anaposa agogo. Dzina lawo linakhala lachitatu. Anaima n'kuliyang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti zilembo zanga zapendekeka, koma zikuwerengeka.

Padambo sipanathamangenso njinga. Chaka chotsatira anthu anadzalapo mbatata. A Zeka sanabwerenso kwathu masana poopa kutibweretsera mavuto, koma agogo anawatumizira uthenga kudzera mwa a Yusufu, ndipo tsiku lina m'mamawa anabwera ndi mwana wawo wamkulu, anamuonetsa chitseko, n'kubwerera. Nkhondo itatha anawoloka kupita kwawo, sitinamvenso za iwo.

Lero ndine mphunzitsi, ndatsala pang'ono kupuma. Pa zaka zonsezi ndayang'anira mayeso ambiri ndipo ndaweruza milandu ya ana yosawerengeka. Kangapo zachitika kuti munthu wamkulu walakwa, ena akudziwa, ndipo wina n'kunena kuti tiitane mwana anene pamaso pa onse zimene anaona. Ine ndimakana. Ndimauza mwanayo kuti abwerere m'kalasi, ndipo zimene zikufunika kunenedwa ndimanena ndekha. Mwanayo ndimadzamufunsa pambuyo pake, tili awiri.