Mayi Amene Ankangoyendetsa Milomo

Ine munthu wachete sindimukhulupirira. Ndinabadwa choncho, ndipo zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sukulu ku Njakwa sizinandichiritse.

M'kwaya ya tchalitchi chathu, imene ndinkatsogolera, munali mayi wina wochokera ku Dedza. Amuna ake ankalondera nyama zakutchire ku Thazima. Mayiyu ankafika msanga n'kuima kumbuyo, koma nyimbo ikayamba ankangoyendetsa milomo. Ndinamuyesa kangapo, kudutsa pafupi ngati ndikuwongola mzere, khutu lili tcheru. Kunali zii.

Chaka china amayi tinagwirizana pa pulakatisi kuti kumsonkhano wa chipani sitikaimbako. M'mawa mwake akulu ampingo anali atadziwa kale kuti woyambitsa ndine. Posagwirizana nafe, amuna onse asanu anatuluka m'kwaya, wa kiyibodi n'kunyamula kiyibodi yake. Anakanena ndani? Sindinafune kutali. Munthu wosaimba amadzatani pa pulakatisi, ngati si kudzatola nkhani? Ndinatsimikiza zomuchotsa Loweruka lomwelo.

Lachinayi mwana wanga wamkazi, namwino pachipatala cha mishoni, anandipeza ndikudandaula kuti kwaya yatha. Anatsegula foni.

"Tamvani awa, amama. Ndi amayi akuda a ku America. Alibe ng'oma, alibe kiyibodi, alibe mwamuna."

Ndinamvetsera. Nyimbo inali yodzaza, pansi pakulira besi.

"Usandipusitse iwe," ndinatero. "Pamenepo abisapo bambo."

Anaseka. Anati kaimbidweko kanachokera kwa makolo a amayiwo, akapolo amene ankaimbira Mulungu m'minda opanda choimbira chilichonse. Pambuyo pake, pomenyera ufulu wovota, amayi ankaimba nyimbo zomwezo m'misewu, ndipo akawatsekera m'ndende paokha, mawu apansi ankawanyamula okha. Ine ndinangoti mafoni a masiku ano amakonza mawu.

Komabe Loweruka foniyo ndinabwereka. Ndinati amayi amve kaye, zochotsa munthu zibwere kumapeto. Mawu omuchotsera mayi uja ndinali nditawakonza kale, aulemu ndithu. Titamva kawiri, tinayesa nyimbo yathu ya masiku onse. Inamveka yopepuka ngati tiyi wopanda shuga, ndipo ndinachita manyazi.

Tili pavesi lachiwiri, kumbuyo kunatuluka liwu lolemera, mpaka benchi imene ndinaigwira inanjenjemera. Ndinathamangira kuyang'ana pazenera, poganiza kuti mmodzi wa amuna aja wabwera kudzatiseka. Panalibe munthu. Anali mayi uja, atatsinzina, misozi ikutsika, nyimbo yonse ataisenza yekha. Amayi ena anapitiriza, koma ine ndinasiya kuimba.

Titamaliza ndinamuitanira pambali. Kukayika kunali kusanandithere.

"Amama, mawu otere mwatibisira zaka ziwiri. Chifukwa chiyani?"

Anapinda chitenje chake mosafulumira.

"Sindinabise, aphunzitsi. Tsiku langa loyamba ndinaimba. Munaimitsa nyimbo n'kufunsa kuti bambo amene waima pamzere wa amayi ndi ndani. Anthu onse anaseka chomene."

Anatsanzika kuti yewo, n'kutuluka.

Amene anakatinenera kwa akulu ampingo sindinamudziwe mpaka lero, ndipo ndinasiya kufunsa. Tsiku limene mayiyo ankanenalo sindilikumbukira n'komwe. Ndayesa kudziuza kuti mwina anapeka, koma sizitheka. Mawu amenewo ndimawazindikira, ndi anga.