Temu Imene Ndinaweta Njuchi

Chipewacho chinali cha mlaza, chosokerera neti yakale ya udzudzu, ndipo chinkanunkha utsi ndi phula. Ndinachivala koyamba ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, chaka chimene amayi, omwe anali namwino, anawasamutsira ku Jenda kuchoka ku Dedza.

Chitumbuka sindinkachimva, ndiye aliyense woseka ndinkati akuseka ine. Mtsikana ine ndinkayankha ndi zibakera. Nditagulula dzino la mnyamata wina, komiti ya makolo inati ndichoke pasukulu. Aphunzitsi athu anandipemphera temu imodzi: ndikangomenyanso munthu, basi kwatha.

"Amayi oweta njuchi akufuna mwana wopanda mantha," anandiuza. "Ine ndaganiza iwe."

Ndinadzimva bwanji! Loweruka ndinalawirira kuming'oma. Mtsogoleri wa gululo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anandiveka chipewa chija nati, "Kuno ukali ngwa njuchi, mwana wane. Iwe pachokopachoko," kutanthauza pang'onopang'ono. Koma kumva kunalibe. Njuchi ina itandizungulira ndinakweza neti n'kuiwomba mbama, zinzake n'kubwera kudzandifunsa mlandu.

Lolemba ndinalowa m'kalasi mlomo uli ngati chitumbuwa. Onse anafa nacho chiseko. Ndinakunga chibakera, koma ndinali nditadziona kale pagalasi, ndipo ndinangophulika nawo mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuseka pamodzi ndi anzanga.

Kunkazizira koopsa Juni ameneyo, koma ine ndinali pachisangalalo. Ndinaphunzira kufukiza utsi wa zitsononkho, kunyamula chisa modekha, ndi kutafuna phula mpaka kutsekemera kutatha. Mwini golosale wapamsewu ankatipatsa mabotolo n'kumatigulitsira uchiwo, ndipo mapepala omata pamabotolo ndinkalemba ndine. Chitumbuka ndinachitola m'miseche ya amayi aja. Kunena zoona ndinayambira mawu otukwana, "yewo chomene" anabwera pambuyo.

Temu inatha ndisanamenye munthu, ndipo sukulu ndinapitiriza. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, poti ndinali wosankhidwa.

Zoona zake amayi anga anandiuza nditakula. Gulu lija silinapemphe mwana aliyense. Pondifunira chochita, aphunzitsi anali atakanidwa kwa telala ndi kuchigayo, pakuti mbiri yanga inali itafika kale. Kwa amayi a njuchi anapitako katatu kukandipemphera, ataima patali, chifukwa iwo njuchi ankaziopa kuposa njoka.