Disiki Yokulunga m'Chitenje

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza sekondale ndinachoka kwathu ku Kapichila kukakhala ndi azakhali ku boma, ndipo ndinkawathandiza kugulitsa mtedza mumsika wa Lundazi. Kuseri kwa msikawo kunali kashopu ka a Tembo, munthu wa ku Chipata, amene ankakonza makompyuta komanso kuitanitsa atsopano ku Lusaka. Ndinkapitako kukatchaja foni, koma m'malo mobwerera ku mtedza ndinkaima pakhomo n'kumafunsa izi ndi izi. Tsiku lina anatopa nane.

"Iwe Tiwonge, mafunso yako yanilemesa. Tenga tsache, uzifunsila mukati."

Ndinayamba ndi kusesa, kenako kupukuta fumbi m'makompyuta ndi kaburashi, kenako anandikhulupirira n'kundipatsa sikuludiraiva. A Tembo anali ndi lamulo lomwe sankasuntha nalo: kompyuta yatsopano situluka m'shopu isanajambulidwe imeji. Tikamaliza kuikamo mapulogalamu onse, tinkaiyatsa kudzera pa fulashi, n'kulumikiza disiki yakunja pa USB, n'kukopera zonse za m'disiki yam'kati kukhala fayilo imodzi yaikulu. Fayilo imeneyo ndiyo imeji. Kompyuta ikadzasokonekera, umaibwezeramo ndipo zonse zimakhala monga zinalili tsiku lojambulalo. Kuloni ndi ina. Pamenepo umakopera disiki yonse pa disiki inzake, zikhale ngati mapasa, moti yoyamba ikafa umangolowetsa inayo ntchito n'kupitirira. Tisanayambe kuloni tinkamata tepi yofiira pa disiki yochokera, chifukwa ukasemphanitsa umafuta zonse ndi manja ako omwe.

Imeji yoyamba kuijambula ndekha inali ya a Gondwe, mphunzitsi wa ku Mphamba, amenenso ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwawo. Anabwera ndi akazi awo kudzatenga laputopu yatsopano, ndipo anagula ndi disiki yakunja yomwe. A Tembo powapatsa disikiyo, yosungiramo kopi ya za m'laputopu, anangoti, "Iyi ni bakapu yanu, muisunge bwino." Patapita chaka ndi miyezi tinamva kuti a Gondwe atisiya, atangodwala masiku ochepa.

Amayi Gondwe anatulukira m'shopu m'mawa wina wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. A Tembo anali atapita ku Chipata kukatenga katundu, ndinali ndekha.

"Monile, mwana wane," anandipatsa moni m'Chitumbuka.

"Yewo, amama. Khalani apa."

Anafotokoza kuti laputopu inagwa pathebulo, ndipo chigwereni sikuyaka. Loweruka lotsatira kunali mwambo wovundukula chiliza cha amuna awo, ndipo ana ankafuna kuonetsa vidiyo ya bambo awo akuimbitsa kwaya pa Pasaka. Vidiyo ya a Gondwe inali yokhayo, ndipo inali m'laputopumo. Nditaiyatsa ndinamva disiki ikugogoda m'kati, ke ke ke. Koma amayiwo sankaoneka odandaula. Anatulutsa kamtolo m'chikwama, n'kumasula chitenje mosamala. M'katimo munali disiki ija, ikadali m'katoni kake, ikununkhira mankhwala othamangitsa njenjete.

"Naisunga mu sutikesi pamozi na yunifomu ya chechi," anatero monyadira. "Palibe anaigwilapo. Bwezelamo chabe, nikwele motoka ya masana."

Ndinailumikiza pa kompyuta ya m'shopu. Munali fayilo imodzi yokha, imeji yanga ija, ya tsiku logula. Chilichonse chimene a Gondwe anaika pambuyo pake munalibe. Ndinawauza pang'onopang'ono kuti disikiyo imangodziwa laputopu ili yatsopano, yopanda nyimbo ngakhale chithunzi.

"Nenze kuganiza ni monga katemela wa mwana," anatero. "Kamozi, basi wachingilizika."

Anati ndiyesebe kubwezeramo, mwina zina zitulukira. Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma ndinakana. Kubwezera imeji pa disiki yodwalayo kukanalemba pamwamba pa vidiyoyo n'kuikwirira mpaka kalekale. Ndinaimbira a Tembo, ndipo anayankha ali m'phokoso la basi.

"Usaiyashe futi. Chosa disiki, panga kuloni, usebenzele pa kopi. Iyo yodwala uzaipempha kamozi chabe."

Ndinamasula tizitsulo ta pansi pa laputopu, ndinasolola disiki, ndinaimata tepi yofiira. Ndinaiika m'doko, kachipangizo kolumikizira madisiki pa kompyuta, pambali pa disiki yatsopano yopanda kanthu, n'kutsegula pulogalamu imene imayamba kukopa malo abwino, oipa n'kumawadumpha kuti idzawabwerere pomaliza. Ndinayang'ana kochokera ndi kopita mpaka maso anawawa, ndiyeno ndinadina.

Ntchito yotere ilibe chochita china koma kudikira. Cha kumasana magetsi anazima monga mwa masiku onse, ndipo zonse zinatsalira pa batire ya galimoto imene a Tembo analumikiza ku inveta. Ndinazimitsa fani ndi wailesi kuti batireyo ikhalitse. Tinakhala m'ng'anjo imeneyo awiriwiri, thukuta lili kamukamu. Galimoto ya ku Mphamba inawasiya amayiwo, iwo osatekeseka. Azakhali anatitumizira mtedza wokazinga, tinkangotafuna maso ali pa kamzere koonetsa pamene kukopa kwafika, koyenda ngati nkhono.

"Si za bana chabe," anatero amayi Gondwe mwadzidzidzi, osandiyang'ana. "Nkhope nili nayo pa chipupa. Koma mau yao yayamba kunithaba m'mutu. Nikayesa kuyakumbuka, nimvela ya mulamu wanga."

Ndinangosendeza mbale ya mtedza kufupi ndi iwo, mantha atandigwira kuposa poyamba.

Dzuwa litapendeka, pulogalamu inamaliza malo abwino n'kuyamba kubwerera m'malo oipa. Disiki inagogoda mwamphamvu, inalira kamodzi, n'kukhala zii. Sinazungulirenso. Ndinaichotsa, ndinatsegula kopi ija. Zithunzi zina zinali zitadukira pakati, mafayilo ena osatseguka n'komwe. Vidiyo ya Pasaka inalipo. Amayiwo anadzuka kuti aione, koma ndinawapempha apirire kaye, ndiikopere pa fulashi ndi pa disiki yawo ya m'chitenje ija. Anandiyang'ana ngati andimenya, koma anakhalanso pansi.

Poyambira pake panali pataonongeka. Tinangoona mabokosi obiriwira, phokoso lili ngati mvula padenga la malata. Kenako chithunzi chinayera, nyimbo ili kale pa vesi lachiwiri, a Gondwe ali kutsogolo ndi jekete lotuwa, dzanja lili m'mwamba. Mawu awo ankamveka pamwamba pa onse. Pakati pa nyimbo anacheukira kumbali ya oimba aamuna n'kukalipa, "Imwe ba tena, muthamangila kuti?"

Amayi Gondwe anaseka mpaka kugwira thebulo, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Nanenso ndinalira, sindibisa.

"Ni beve," anatero. "Na ukali wao wonse."

Ndinapepesa kuti vesi loyamba latayika ndipo palibe katswiri angalibweze. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ija niiziba. Nizaimba neka."

Loweruka ananditenga kuti ndikayendetse laputopu ija, nditailowetsa disiki yatsopano. Titachoka kumanda anthu anasonkhana pakhomo, amayi Gondwe anaimirira n'kuimba vesi loyamba okha. Atafika kumapeto kwake ndinadina, amuna awo n'kulandira nyimboyo.

Amayiwo sanalakwe kanthu. Anauzidwa kuti asunge, ndipo anasunga mmene kwathu timasungira chinthu chamtengo: kuchikulunga, kuchibisa, osachigwiragwira. Bakapu sifuna ulemu wotero. Imeji ya kompyuta yatsopano imakubwezera mapulogalamu, amene ungawapezenso kulikonse, koma zimene munthu amalira nazo zimalowamo pambuyo pake. Lero kasitomala akagula kompyuta ndimajambulabe imeji, koma sindimulola kutuluka asanalumikize disikiyo ndi manja ake n'kukopera yekha fayilo ine ndikuona. Ndimamuuza kuti azichita zimenezo nthawi iliyonse akaikamo chinthu chimene sangafune kuchitaya. Ena amati ndimalankhula kwambiri, ndipo sanama. Ndinaona mayi akuimba yekha vesi limene amuna ake anayenera kuimba, ndipo sindifuna kudzaonanso zimenezo.