Chala Chodutsa Pakhosi

Chinayamba mu Juni, nthawi yachisanu, ngati kambulu pansi pa khosi. Ndinkakamva pomeza malovu. Ndimakhala ku Sadzi, ndipo masiku amenewo ndinkatola nkhuni kuphiri n'kumagulitsa m'tauni. Pofika Okutobala chotupacho chinali ngati dzira, ndipo ndikasenza mtolo mpweya unkandithera ndisanatsike phiri.

Kuchipatala ndinalawirira, koma ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga magazi, nandijambula pakhosi, n'kundiuza kuti ndi chithokomiro, ndidzabwerenso kudzaonana ndi adokotala a opareshoni.

Adokotalawo anali ochokera kunja, Chichewa chawo chinkathera pa moni. Tsikulo anamwino omasulira anaitanidwa mwadzidzidzi ku wodi, tinatsala awiri. Anandigwira khosi ndi zala zozizira, nayang'anitsitsa zithunzi. Kenako anadutsitsa chala pakhosi pawo, pang'onopang'ono, kuchokera uku kufika uko. Atatero anaphatikiza manja, natsamirapo tsaya, n'kutsinzina. Ankamwetulira.

Kwathu chala chikadutsa pakhosi ndiye kuti munthu watha. Kagonedwe kameneko ndinakaonapo pa mayi anga tsiku lowaika m'manda. Ndinathokoza mwaulemu, n'kutuluka, osabwererakonso.

Dzinja lonse ndinkangodikira imfa, osauza munthu. Zitenje zanga zabwino ndinapatsa achemwali anga, iwo n'kumadabwa. Nkhungu ikatsika m'phiri masana, ndinkachiona chala chija chikuyenda, kumwetulira kuja kuli pambuyo pake. Ana anga akamadya ndinkawayang'ana ngati ana amasiye kale.

Mu Malichi ndinakomoka pamsika, mpweya ukulira ngati mluzu. Ndinatsitsimukira m'chipatala chomwe chija. Anamwino ena achikulire atandifunsa chimene ndinasowera, ndinangodutsitsa chala pakhosi, n'kutsamira tsaya pamanja ndi kutsinzina, monga anachitira adokotala aja. Sanandiseke. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi.

"Mayi, ankakuonetsani pamene adzacheke," anatero. "Tulo timeneto ndi ta mankhwala. Munthu amadzuka."

Adokotala aja anali atabwerera kwawo. Sanadziwe zimene manja awo anandiuza, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati anandiyembekezera pa tsiku limene anandikonzera.

Opareshoni anaichita adokotala ena mu Epulo. Anati chotupa chinali chitakula mpaka kufinya njira ya mpweya, choncho ntchito inavuta. Ndinadzuka ndi kapaipi pakhosi, achemwali ali pambali ndi phala. Patapita masiku ananditulutsa.

Lero ndikupuma bwino. Ndimamwa piritsi m'mawa uliwonse, ndipo ndimapita kukayezetsa magazi akandiitana. Mawu okha sanabwerere onse. Kukwaya kumene ndinkatsogolera nyimbo, tsopano ndimaima kumbuyo.

Inu amene mwamva chachilendo m'thupi, pitani kuchipatala chikadali chaching'ono. Ndipo manja a dokotala akakuopsani, musanyamuke pampando. Dikirani mpaka abwere munthu wokuuzani m'chinenero chanu.