Chidole Chovala Yunifolomu ya Ukwati

Mukafika pa Kandeu n'kufunsa za aMervis, musanamalize n'komwe wina akhala atakukokerani pambali. Akuti mayi amenewa anakana kuvala yunifolomu pa ukwati wa mwana wawo yemwe, m'malo mwake anakaveka chidole m'munda wa mpunga kuchigwa kuti banjalo lisalimbe. Ena amathirako kamchere, akuti chidolecho chinkatembenuka chokha kuyang'ana kutchalitchi. Zotembenukazo ndi bodza, inali mphepo. Koma kuvala chinavaladi, ndipo chinatchena kuposa apongozi.

AMervis ndi munthu wosakhala pansi. Ngakhale m'tchalitchi amakhala kumapeto kwa benchi, mwendo umodzi uli kale panjira. Chimene chimawagwira ndi buku lawo basi, ndipo si la mapepala ayi. Masamba ake ndi matumba a ufa ochapa mpaka kuyera, osokerera pamodzi. Wachibale akamwalira, tsiku logawa zovala za malemu anzawo amalimbirana nsapato, iwo amangopempha kachigamba kokwana pachikhatho. Amakasokera pa tsamba lake, dzina n'kulipeta m'munsi ndi ulusi wofiira. Mwana akangoloza, nkhani yayamba: uwu ndi mpango wa amayi, unapsa m'mbalimu akuzimitsira moto wa nkhokwe. Awa ndi azakhali aJaneti, zigamba zitatu za zipani zitatu, poti aliyense wogawa nsalu ankamuvinira, koma kumene voti yawo inkapita anapita nako kumanda.

Tsamba loyamba lokha linali mbee, pali dzina chabe: Julius. Bambo awowa anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, anabwerako ndi chifuwa komanso chikhothi chachikulu cha mabatani a mkuwa, n'kumwalira aMervis ali kamtsikana. Chithunzi panalibe. Nkhope anaiiwala kalekale. Chimene chinatsala m'mutu ndi mkati mwa chikhothimo, nsalu yofiira yoterera momwe ankabisa mutu kukazizira mu Juni. Zovala zinapita kwa akuchimuna, chikhothi n'kugwera aGoliati, mng'ono wa malemu. AGoliatiwo akafunsidwa ankangoti, “Chija? Chiswe chinadya kale.”

Ndiye Alinafe, mwana wamkazi yekhayo wa aMervis, anapeza mwamuna wa ku Tsangano. Buku linayenera kupita naye, ndi mmene analonjezera. Koma buku la banja loyamba ndi tsamba lopanda kanthu mungalipereke ndi nkhope yanji? Sabata ya ukwati aMervis anazungulira ngati nkhuku yofuna poikira: kuchigayo, kwa ankhoswe, kubwereranso kuchigayo ataiwala chimene akatenge. Akutuluka kwa telala, yunifolomu yawo ili mu jumbo, mayi wina wogulitsa mpunga anawaseka, akuwatchula ndi mfunda wawo.

“Abale anu ndi odya bwino, aNangozo. Kwa aGoliati ngakhale chidole choingira mbalame chimavala chikhothi cha mabatani a mkuwa.”

“Mkati mwake mofiira?”

“Ndichisuzumire m'kati ndi mwamuna wanga?”

Kunyumba sanafikeko. Anakwera kabaza mpaka pomwe msewu unathera, kwinako wapansi, matope m'misomali momwe. Pakati pa mpunga anachipeza chitatambasula mikono, mutu wa chipanda, chikhothi chosuluka ngati phulusa. Anamasula batani. M'khwapa, momwe dzuwa silinafike, kufiira kuja kunalimo. Mayi wamkulu, wa imvi zake, analowetsa mutu.

“Iwe Mervis!” anakuwa aGoliati, akutulukira ndi legeni. “Ukuyamwa chidole changa?”

“Bambo, si munati chiswe chinadya?”

“Chikanadya, ndinachipulumutsa. Chili pa ntchito ichi, cholimbika ngati mwini wake.”

“Ndingodulako kam'katimu, chotsalacho chizigwirabe ntchitoyo.”

“Sizasi pa chovala cha akulu anga, ine ndikuona? Sanza imeneyi? Ukafuna tenga chonse, ukadulire kwanu. Koma mpunga wacha uwu. Mpheta zikaona mtengo uli maliseche zindimaliza lero lomwe. Siyapo china, chowala bwino.”

Akutero maso ali pa jumbo, akumwetulira, poganiza kuti apa ndiye amugwira pakhosi. AMervis anayang'ana chitenje chomwe anavala. Akachisiya abwerera bwanji pa kabaza? Anayang'ana jumbo. Kwa telala nsalu ija inali itatha, ndipo ankadziwa bwino chimene anthu amanena za make mkwati wosiyana ndi anzake. Sanakhalitse. Anachivula chidole chikhothi n'kuchiveka yunifolomu ija: bulauzi, chitenje chake, mpaka mpango anachimangira bwinobwino, mfundo kutsogolo. AGoliati anangoti kukamwa yasa, legeni ili lende.

Pa ukwati amayi onse anali buluu waa, kupatula make mkwati, amene ankathamanga uku ndi uku mu diresi yakale ya maluwa. Apongozi a ku Tsangano anatupa. Nthawi ya mphatso, anthu akutula mapoto ndi mabeseni, aMervis anatula buku lawo pamiyendo pa mwana. Alinafe anatsegula tsamba loyamba, anaona kachigamba kofiira pamwamba pa dzina, anakasisita ndi chala, n'kuyamba kuwononga zodzoladzola zonse za kumaso. Mayi ake sanadikire. Anali atapita kale kukaona ngati thobwa lakwana.

Banjalo lilipobe, ana alipo, mpunga wa aGoliati unapulumuka chaka chimenecho. Koma mphekesera ilibe tchuthi. Tsiku lina pa mjigo mayi wina analimba mtima.

“Komatu aNangozo, anthu akuti zija munachita kumunda zija ndi zamankhwala.”

AMervis anasenza ndowa, mwendo uli kale panjira.

“Chidolecho chinavala bambo anga zaka zonse zija, mvula ndi dzuwa, palibe anatsegula pakamwa. Chavala ine ndiye mwaona ufiti? Tapatukani, madzi akunditayikira.”