Galu Wovala Ndowa Yofiira

Chaka chimene atate anachotsedwa ntchito ku fakitale ya feteleza ndi chaka chomwe galu wathu anadwala diso. Ine ndinali nditabwerera kwathu ku Estates ndi mwana wanga woyamba wa miyezi iwiri, choncho zonse ndinazionera pafupi, ndipo zina ndinazichita ndine.

Masiku amenewo mashopu anadzaza maapozi akunja ndi sopo wonunkhira, koma amuna a mumzere wathu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, kusewera nsolo dzuwa lili paliwombo. Atate sankapita nawo. Munthu amene anali kapitawo wa chipewa cholimba choyera sakanalola kuti anthu amuone akuyenda masana manja ali m'thumba. Anadzitsekera kuseri kwa mpanda. Amama ndiwo anatuluka, nakatenga belo la salaula, zovala zakale zochokera kunja, nayamba kugulitsa pamsika. Nshima yathu yonse inkachokera m'malaya a anthu osawadziwa aja, koma nkhani imeneyi sitinkaitchula atate ali pafupi.

Galuyo anali nkhalamba, mano atatha, diso lamanzere litachita kale ng'ala. Atate ankamutcha mdala mnzawo, ndipo ankacheza naye kuposa mmene ankachezera nafe. Tsopano diso lamanja, lotsala lokhalo, linayamba kutulutsa manthongo okhuthala. Galu ankangotsinzina, n'kumalikanda ndi phazi.

Tinapita naye kwa dokotala wa ziweto, mayi wina amene anasiya za boma n'kutsegula kachipinda kake kuseri kwa shopu m'tauni. Atate anasankha mamawa, anthu asanadzuke bwino. Galu anamuika mu wilibala, n'kumufunditsa thumba la feteleza, n'kudzera kanjira ka m'mbali mwa njanji. Aliyense wotiona akanaganiza kuti taba mbuzi.

Dokotala anatenga kapepala kowonda n'kukakoleka m'chikope cha galu. Atakachotsa kanali kouma ngati kangochoka m'sitolo. Kenako anadonthezera mankhwala, ndipo pakati pa diso panaoneka kadontho kobiriwira.

"Ba tate, imbwa yanu ilibe misozi," anatero dokotala. "Liso yauma, ndiye chifukwa chilonda ichi sichipola. Nizamupasani tumabotolo tubili, ka mankhwala na ka misozi. Muzifaka kanayi pa siku. Asakande. Ngati papita masabata anayi sichinapole, liso tizachosa. Manje inangu ni yakufa kale, ndiye mwina imbwa tizangoigoneka chabe."

Atate anamva bwino lomwe tanthauzo la kugoneka. Anafunsa mmene angaletsere galu kudzikanda. Dokotala anati adule pansi pa ndowa ya pulasitiki, amuveke m'khosi. Asanatilole kupita anapala m'mbali mwa chilondacho ndi kathonje, kuchotsa khungu lofutuka, nati likamasiyidwa chilonda sichigwirana.

Ndowa imene atate anadula inali yofiira, ya amama, yonyikamo zovala za salaula zisanapite kumsika. Anaidula mwaukatswiri, m'mphepete anakutiramo mphira wa tayala la njinga. Amama pobwera madzulo anapeza ndowa yawo ikuyenda yokha pabwalo, ikugunda zitseko.

"Ndowa yanga yasanduka chisote cha galu?" anafunsa. Nditawafotokozera za misozi, anayang'ana atate n'kunena kuti, "Alibe misozi? Watengera mwine wake." Anawonjezera kuti galu wokalamba ndi wongotaya kutchire, ndipo ananena mokweza kuti anthu a nyumba yoyandikana amve.

Pano ndiulule zanga. Kwathu mwana akafiira diso, mayi woyamwitsa amamufinyira mkaka wa m'mawere. Tonse tinakula choncho ndipo palibe anachita khungu. Ine mkaka ndinali nawo wosefukira, ndipo ndinali ndi mtima wa mayi watsopano, woganiza kuti thupi lake likhoza kuchiritsa dziko lonse. Timabotolo tija ndinkatiyang'ana ndi diso lachipongwe. Ndiye masana atate akagona, ndinkafinyira mu kasupuni, n'kupita kuseri kwa nyumba, n'kuthira m'diso la mdala. Iye sankakana. Ankanyambita wotsikira pamphuno, n'kumagwedeza mchira. Ndinkadikira tsiku loti dokotala ayamikire mankhwala ake, ine ndikuseka chamumtima.

Patapita masabata awiri tinabwerera. Amama anatseka benchi lawo n'kutiperekeza, ati akufuna akamve ndi makutu awo kuti ndowa ibwera liti. Dokotala anadonthezera mankhwala obiriwira aja. Kadontho kaja kanali katakula ngati njere ya nyemba. Atate anakhala pansi osauzidwa.

"Mufakamo chani china mu liso iyi?" anafunsa dokotala.

"Kulibe, ba dokota," anayankha atate. "Nifaka kanayi, monga mwamene munakambila. Ine nenze kapitawo, sinimaphonya nthawi."

Dokotala sanayang'ane atate. Anayang'ana ine ndi mwana wanga kumsana, n'kungodikira. Anali mayi, ankadziwa. Ndinamva mantha enieni, poona kuti nkhalamba ija ikhoza kufa chifukwa cha kasupuni kanga.

"Nenze kufakako mkaka pang'ono," ndinatero ndi mawu a mwana wa sukulu.

Ndinayembekezera kuti amama andidzudzula pomwepo. Koma iwo anali akukonza chitenje chawo chomwe chinalibe vuto lililonse. Dokotala anawatembenukira.

"Na imwe, amai?"

"Tumanzi twa shuga chabe," anatero amama. "Kuseni, bakalibe kuuka aba. Amai anga ndiye mwamene benze kuchitila."

Amama omwe aja ofuna kutaya galu kutchire. Atate anaimirira, natambasula chala, nayamba kutiweruza ngati antchito ogona pa shifiti. Anati akazi a m'nyumba mwake amupha mnzawo. Dokotala anawalola kumaliza, kenako anakweza phazi la galu n'kuwaonetsa ubweya womatana ndi manthongo.

"Iyi imbwa ikanda liso. Ndani amaivula ndowa?"

Chala cha atate chinatsika pang'onopang'ono. Zinadziwika kuti anzawo a nsolo akamabwera kudzawaona, ankaima pampanda n'kumafunsa ngati galuyo akugwira mawayilesi akunja ndi dishi yake yofiirayo. Ndiye atate akangomva mawu awo pamsewu, ankathamanga kukavula ndowa n'kuibisa m'bafa. Alendo akakhala maola awiri, galu ankakanda maola awiri.

"Manyazi anapha lambe, abambo," anatero amama.

Dokotala anapalanso chilondacho, natipatsa masabata awiri otsala. Tinabwerera kunyumba mbava zitatu, palibe woloza mnzake. Atate analemba ndandanda n'kuikhoma pachitseko, ngati ya ku fakitale. Kasupuni kanga anakalanda. Ndowa anaimanga ndi waya kuti ngakhale iwo eni asamaivule msanga.

Koma panabuka vuto. Diso lopalidwa kawiri linkapweteka, ndipo galu anayamba kukana. Pankafunika anthu awiri, wina wogwira mutu, wina wodontheza. Ine ndinagwira masiku anayi, kenako mwamuna wanga anabwera kudzanditenga, poti uchembere sukhalitsa kwa makolo. M'mawa, madzulo ndi usiku amama analipo. Dontho la masana ndilo linalibe womugwira, chifukwa amama anali kumsika ndipo anakaniratu kusiya benchi nthawi imene anthu amagula.

Tsiku langa lomaliza, katundu ali m'chikwama, ndinaona atate akuyang'ana ndandanda yawo, kenako dzuwa, kenako galu. Analowa m'nyumba. Anatuluka atavala malaya ositasita, timabotolo m'thumba la pachifuwa pamene kale ankaikapo zolembera. Wilibala sanaitenge. Anamanga galu chingwe, natsegula geti, nalowa mumsewu waukulu dzuwa lili pamutu.

Ndinawatsatira patali, mwana kumsana. Ndowa yofiira inkagunda miyendo ya anthu. Ana a sukulu anaseka mpaka kukhala pansi. Pansi pa mango nsolo inaima, wina nafuula kufunsa ngati lero ikugwira mpira wa kunja. Atate anakweza dzanja n'kuwapatsa moni aliyense, osafulumira. Khosi lawo linali litauma ngati mtengo, ndipo ine ndinawamvera chisoni ndi kuwanyadira nthawi imodzi.

Pamsika amama anawaona akubwera. Sanaseke. Anasuntha mulu wa mabuluku, nakhala pansi, napana mutu wa galu pakati pa mawondo awo. Atate anadontheza. Atatha anaima pamenepo, osadziwa kopita, akuyang'ana benchi limene linkawadyetsa chaka chonse koma anali asanalionepo. Mayi wina anafika n'kunyamula jekete, nafunsa ngati ingamukwane mwamuna wake. Amama manja anali pa galu. Atate ndiwo anailandira, naiyeza pamapewa pawo kuti mayiyo aone.

Chilonda chinapola, chinangosiya kachipsera koyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero dokotala povula ndowa ija. Koma misozi sinabwerere, ndipo ya m'botolo inafunika tsiku lililonse mpaka galuyo anafa ndi ukalamba wake patapita zaka ziwiri. Diso litapola ankalola kudonthezedwa ndi munthu mmodzi popanda vuto. Atate ankadziwa zimenezo, amamanso ankadziwa. Komabe masana aliwonse atate ndi galu wawo ankatsika kumsika, ndipo amama ankasuntha mabuluku.