Mphira za pachitseko chathu

Titamaliza nyumba yathu yatsopano kuno ku Namitambo, apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, tinawapatsa chipinda choyang'anana ndi chathu. Vuto linali limodzi: tambala asanalire n'komwe, iwo ankayamba nyimbo za kutchalitchi, osadumpha ndime.

Mkamwini sangauze apongozi kuti akusokosa. Ndiye ndinaitana kalipentala kuti akhomere mphira za tayala lakale kuzungulira chitseko chathu, mpaka pansi pomwe.

Apongozi anatipeza tili pantchito. "Nanga izi n'zachiyani, bambo?"

"Makoswe, amayi," ndinatero, maso ali pansi, m'nyumba yoti laimu wake anali asanaume. Kalipentala anatsokomola dala.

Patatha sabata ndinatsegula chitseko m'bandakucha, n'kupeza kuli zii. Manyazi anandigwira. Ndinati basi azindikira, akhumudwa. Masana ake ndinawamva pakhonde akuuza mkazi wanga, uku akuseka:

"Amuna akowa Mulungu awadalitse. Chikhomereni mphira zija, mkonono wawo sukundifikanso. Ine ndinkaimbatu poti tulo sitinkabwera."

Mpaka lero sindinaulule. Akandifunsa kuti, "Makoswe aja ali bwanji, bambo?" ndimangoti anatha.